Mabuku tili nawo, tikusowa ya mayunitsi

Munthu akangomva kuti uli mu komiti ya laibulale, funso limakhala limodzi lomwelo, "mukufuna mabuku?" Ndipo amafunsa ndi mtima wabwino ndithu, ena mpaka amayamba kuwerengera pompo makatoni amene ali kunyumba, a ana awo amene anamaliza sukulu kalekale, a malemu bambo awo amene anali aphunzitsi. Ine ndimayankha mwaulemu kuti eya zikomo bweretsani, koma mumtima ndimakhala ndikuti abale inu, mabuku tili nawo, ena sitinawatulutse nkomwe m'makatoni poti mashelefu anadzaza, chimene chimatisowetsa tulo ndi ya mayunitsi a magetsi, ya mlonda, ya nyuzipepala ya mawa. Zimenezi palibe amene amafunsa. Sindinakumanepo ndi munthu wonena kuti ine ndizigula mankhwala a chiswe chaka chilichonse, dzina langa musalitchule.

Ndine msungichuma wa kalaibulale ka m'dera kuno ku Zomba, kunja pang'ono kwa tauni mukamalowera njira ya ku Domasi. Udindowu anangondiloza pa msonkhano poti ndinagwirapo ntchito ya maakaunti, "inuyo achimwene manambala mumawadziwa", m'manja phwaphwaphwa, nkhani yatha. Ndifotokoze kaye kuti ndife ndani chifukwa anthu amasokoneza. Zomba ndi tauni ya mapepala kuyambira kale pamene inali likulu la dziko mpaka 1975. National Archives ili konkuno, kumene lamulo limati wosindikiza buku m'Malawi muno azikasiya kope. Laibulale yaikulu ya ku Chancellor College, imene pano tikuti University of Malawi, ili konkuno. Ndiye pali National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo ndalama yake imachokera ku boma. Ife sitili mwa onsewa. Nduna ya zachuma ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe palibe mzere wathu olo umodzi. Tili ndi nyumba, mashelefu, mabenchi, mayi mmodzi amene amakhala pa desiki, mlonda, ndi komiti ya anthu odzipereka amene aliyense ali ndi mavuto akwawo.

Katoni ya mabuku aulere si yaulere, chimenechi ndiye anthu samvetsa. Ikachoka kunja imafikira ku Blantyre kapena ku Lilongwe, wina akaitenge, minibasi imalipiritsa katundu payekha, ukatsika pa siteji kabaza naye akufuna yake, kenako kalipentala wa shelefu yatsopano, inki ya chidindo, guluu, tepi yomatira misana ya mabuku. Ukatsegula upeza theka lake ndi mabuku a misonkho ya ku America ndi ophunzitsa makompyuta amene anasiya kupangidwa ana athuwa asanabadwe. Sindikunyoza opereka ayi, alipo mabungwe ngati Book Aid International amene amatumiza mabuku atsopano osankhidwa bwino, ndipo mabuku a nthano a zithunzi ana aang'ono amawakonda koopsa. Koma mwana wa Fomu 4 akalowa pakhomo paja akufuna biology, chemistry, masamu, akufuna mapepala a mayeso akale a MANEB, ndipo amenewo sabwera mu katoni yochokera ku London. Amenewo timagula ndi ndalama, ndiponso ndi omwewo amene amang'ambika msanga, omwewo amene amatuluka pansi pa juzi osabweranso.

Nde tiyeni tilowe mu kabuku kanga ka bajeti muone mmene mwezi umayendera.

Mzere woyamba ndi anthu. Lamulo langa, limene ndinauza komiti tsiku loyamba, nlakuti mlonda ndi mayi wa pa desiki alandire kaye tisanagule china chilichonse, olo choko. Anthu ena amaganiza kuti poti ndi ntchito yothandiza dera ndiye kuti wogwirayo akhoza kudikira, koma mlonda amene sanalandire miyezi iwiri amayamba kukalondera kwina usiku womwewo, ndipo sungamunene, ali ndi ana. Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, chinthu chabwino kwa wogwira ntchito, koma kwa kabungwe kopanda gwero lokhazikika la ndalama nkhani imeneyi inatikhalitsa pansi msonkhano wonse, kuwerengera, kufufuta, kuwerengeranso.

Wachiwiri ndi magetsi ndi madzi. Mayunitsi amatha mwakachetechete, makamaka nyengo ya mayeso pamene timatseka mochedwa kuti ana awerenge madzulo. Madzi ndi a kuchimbudzi kwenikweni, ndipo laibulale yopanda chimbudzi chabwino atsikana sakhalitsamo, amabwera ola limodzi nkumapita. Zimenezi anatiuza ndi mayi wa pa desiki, ife amuna a mu komiti sitinkaziona.

Wachitatu, ndipo apa ndimalimbana ndi anzanga chaka chilichonse, ndi nyuzipepala. Nthawi iliyonse ndalama ikavuta pamapezeka wina wonena kuti tisiye kugula nyuzi, anthu amawerenga pa foni masiku ano. Eti pa foni. Bandulo amagulira ndani? Bwerani m'mawa muone amene amakhala pa benchi ya pakhonde, anyamata omaliza sukulu akusaka ntchito zimene zalengezedwa mu Nation ndi Daily Times, akukopera ma adilesi pa kapepala, madala opuma ntchito akutsutsana za ndale ndi za mpira, amayi akufunsa ya Loweruka chifukwa cha masamba a Chichewa aja. Pepala limodzi limadutsa m'manja ambirimbiri mpaka limafewa. Ndipo munthu amene wabwera chifukwa cha nyuzi ndi yemweyo amene mawa amabweretsa mwana wake kudzalembetsa. Pa ndalama zonse zimene timawononga, palibe imene imadzaza chipinda ngati imeneyi. Zikakalamba timazimanga m'mitolo nkugulitsa kwa ogulitsa tchipisi ndi mandasi, kandalama kake kamagula tsache ndi sopo, nako kamalembedwa.

Kenako chiswe ndi mvula. Amene mumakhala kuno mukudziwa mmene phiri la Zomba lija limakokera mitambo, chinyezi chimalowa m'makoma, mabuku a m'munsi amayamba chuku, ndipo chiswe chimagwira ntchito usiku ndi usana osapuma, chimalowa buku kuchokera kumbuyo, kutsogolo likuoneka bwinobwino, ukalikoka likungotsala chikuto m'manja. Mashelefu tinawachotsa kukhoma, miyendo yake tinaiika m'zitini za oyilo wakutha, komabe mankhwala ayenera kugulidwa. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku otsatizana osakata, anthu anataya miyoyo ndi nyumba m'chigawo chakumwera chonse, ndiye za mabuku onyowa sizinali zoti nkudandaula pagulu, koma kuyambira pamenepo ndinaumirira kuti pakhale mzere wa denga mu bajeti chaka chilichonse, kaya likudontha kaya ayi. Chimodzimodzi chozimira moto. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa yonse, mabuku masauzande ambiri kusanduka phulusa usiku umodzi. Ngati zinachitika pa yunivesite, nanga ife amene mawaya athu anaika ndi mnyamata wa pa msika?

Chimene chimapweteka kwambiri pa bajeti ya laibulale ya kumudzi ndi kalendala. Ndalama imapezeka m'dera anthu akakolola, Meyi, Juni, Julaye, akagulitsa chimanga, nandolo, mpunga wa ku Chilwa. Januwale ndi Febuluwale aliyense ali pa fetereza, fizi ndi njala, ukapita kukapempha amakuyang'ana ngati wapenga. Koma miyezi yomweyo ndi imene denga limadontha, chiswe chimakondwa, ana olemba mayeso amayamba kudzaza mabenchi. Zolowa zili pansi, zotuluka zili m'mwamba. Nde ntchito yeniyeni ya msungichuma ndi kukhala woipa mu Julaye, pamene akaunti ikuoneka yonenepa ndipo aliyense ali ndi maganizo abwino, tipente, tigule mipando ya pulasitiki, tichite kaphwando kothokoza. Ine ndimati ayi, iyi ndi ya mlonda ya Febuluwale. Chaka chathu cha ndalama tinachisintha kuti chiziyamba Epulo kutsatira boma, limene linasamuka kuchoka pa Julaye mu 2022, ndipo zinatithandiza chifukwa timalemba bajeti njala ikadali m'maso, palibe amene amalota zazikulu mu Malichi.

Tsono ndalamayo imachokera kuti. Pali ya umembala, yochepa. Pali fotokope ndi kupulinta, imene imaoneka ngati bizinesi yabwino mpaka tona itatha kapena makina atafuna mmisiri wochokera ku Blantyre. Pali kutchaja mafoni. Pali kubwereketsa chipinda kwa magulu a banki mkhonde ndi misonkhano ina Loweruka masana. Pali chindapusa cha obweza mabuku mochedwa, chimene ndimachilemba mu bajeti mongosangalatsa mtima, chifukwa mwana amene ali ndi ngongole ya chindapusa sabweza buku, amangosowa, iye ndi buku lomwe. Pano timachita sabata yokhululuka teremu ikamatha, bweretsani basi sitifunsa, ndipo mabuku amabwera ena titawaiwala.

Zonsezi ukaphatikiza sizifika pa mlonda ndi magetsi. Ndiye pamabwera nkhani yosaka thandizo.

Big walk. Aliyense m'Malawi muno amaikonda big walk, ndipo ndimamvetsa, ndi tsiku losangalatsa, ana akuimba, bena kutsogolo, zidebe zikuzungulira magalimoto pamsewu mpaka kukafika kumsika waukulu wa Zomba. Koma khalani pansi ndi cholembera. Bena ndi ndalama, matisheti ndi ndalama ndipo aliyense wa mu komiti akufuna yake ndi ya akazi awo, zokuzira mawu ndi jenereta yake, madzi ndi zakumwa za ana, mafuta a galimoto yonyamula otopa, chakudya cha alendo. Zonsezi mumalipira musanatole olo K50. Kenako mlendo wolemekezeka amaimirira, amalankhula bwino za kufunika kowerenga, amalonjeza ndalama yaikulu, anthu nthungululu, wa pa maiki akubwereza nambala ija katatu. Mawa lake dera lonse likudziwa kuti laibulale yapeza mamiliyoni. Chimene dera silidziwa nchakuti lonjezo lija lidzakutherani eyataimu, "bwana ali mu miting'i", "bwerani sabata yamawa", "cheke chikudikira siginecha", mpaka mumachita manyazi nokha nkusiya. Ndipo choopsa si kusowa kwa ndalamayo kokha ayi, nchakuti anthu anamva nambala, ndiye akaona denga likudonthabe amati komiti yadya. Nchifukwa chake pano pa lipoti ndimalemba mizere iwiri yosiyana, zolonjezedwa ndi zolandiridwa, ndipo bajeti imakhudza mzere wachiwiri wokha. Lonjezo silikhala ndi lisiti.

Zimene zimayenda bwino ndi zosaoneka zija. Paper Sunday ku mipingo, tikapempha abusa ndi akulu a mpingo kuti Lamulungu limodzi pachaka likhale la laibulale, ndiponso kumzikiti Lachisanu ma shehe akalengeza, ndalama imalowa yonse popanda kugula tisheti. Mock wedding tinayeserapo, ana kuvala zaukwati, perekani-perekani mpaka madzulo, inasangalatsa ndipo inabweretsa kenakake chifukwa anthu akwathu kuponya ndalama akuvina savuta, bola nyimbo ikhale yabwino ndipo owerengera akhale awiri a mabanja osiyana. Koma ndalama imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya gulupu ya pa WhatsApp ya ana amene anawerengera pano kale, pano ena ndi aphunzitsi, manesi, asilikali, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, wina ku UK. Aliyense amaponya kangachepe mwezi uliwonse pa Airtel Money kapena Mpamba. Si yambiri, koma imabwera Januwale yemwe, ndipo ilibe chikalata chonena kuti musagulire mayunitsi. Chimene amafuna ndi chimodzi, kuona. Mwezi ukatha ndimajambula tsamba la kabuku ndi malisiti nkuponya mu gulupu. Mwezi umene ndachedwa kuponya, zolowa za mwezi wotsatira zimatsika, osati mwa mkwiyo, anthu amangoiwala kuti tilipo.

Za mabungwe akuluakulu ndi nkhani ina. Iwowa amakonda chinthu chimene angachijambule, makompyuta, sola, nyumba yatsopano yokhala ndi chikwangwani. Amakondanso nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 ija, nkumabwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono mpaka kupanga makina a mphepo opangira magetsi. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndi yonyaditsa. Koma ine monga msungichuma ndikaimva ndimaganiza za munthu amene ankatsegula chitseko chija tsiku lililonse, ankadya chiyani, loko anagula ndani. Buku linalipo, inde, koma linapezeka chifukwa chipinda chinali chotsegula tsiku limene mnyamatayo anafika. Kupereka makompyuta khumi popanda ya magetsi, ya intaneti ndi ya mmisiri kuli ngati kumugulira munthu nkhuku za mazira osaganiza za chakudya chake, miyezi itatu zayamba kudya mwini wake. Mabatire a sola nawo ali ndi zaka zake, akafa palibe amene amabwera kudzajambula. Ndiye pano tikamalemba pulopozo timaikamo poyera gawo la ndalama yoyendetsera, ndipo akakana gawo limenelo timakhala pansi kuganiza ngati mphatsoyo tingaikwanitse. Kukana mphatso kumaoneka ngati mwano kwathu kuno, a tcheya athu zimawavuta kwambiri, "achimwene, anthu atiyesa odzikuza", koma chipinda chodzaza makompyuta akufa nacho chimanyozetsa.

Ndipo ndalama ya bungwe ili ndi chingwe. Akapereka ya mashelefu ndi ya mashelefu, olo mlonda akhale akulira pakhomo sungaikhudze, ukaikhudza ndi mtima wabwino womwewo lipoti likapita wasanduka wakuba ndipo dzina la dera lonse lada. Anthu a mu komiti ena zimawatengera nthawi kumvetsa kuti akaunti ikhoza kukhala ndi ndalama koma ife tili osauka.

Kwacha nayo inatiphunzitsa. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Tiyerekeze buku la sayansi la madola 10, dzulo K11,800 lero K17,000, ndipo poti mapepala, tona, mabatire, malata, pafupifupi chilichonse chimene laibulale imagula chili ndi dola mkati mwake, bajeti imene munaivomereza ndi m'manja imasanduka nthano. Kotesheni imene kale inkakhala mwezi pano wa sitolo amakuuza kuti ndi ya sabata ino yokha. Ndiye ndalama ya chinthu chodziwika ikafika sitiigoneka, timasonkhanitsa makotesheni atatu mwachangu nkugula. Yosunga ya Febuluwale ija ndiye imandiwawa, chifukwa ndimadziwa kuti ikuchepa mphamvu ili chikhalire ku banki, ndi banki nayo ikudulako zake mwezi uliwonse, koma mlonda sungamulipire malata.

Za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, ndi makhansala ndingodutsa. Timalemba makalata, timapita ku misonkhano ya ADC, komiti ya chitukuko cha m'dera, ndipo nzoyenera kutero chifukwa ndi ndalama ya anthu. Kungoti thumba limenelo limakonda mlatho, mjigo ndi buloko ya sukulu, zinthu zoti munthu nkuloza nthawi ya kampeni, ndipo laibulale ikavala mtundu wa chipani chimodzi theka la dera limasiya kulowamo.

Tsopano gawo limene anthu sakonda kulikamba. Ndalama ya gulu ikakhala m'nyumba mwa munthu, maliro amaidziwa. Kuba kwenikweni, kwa munthu wokonza mapulani, sikuchitika kawirikawiri m'magulu ang'onoang'ono ngati athu. Chimene chimapha ndi ngongole. Usiku wagogoda membala wa komiti, munthu wabwino amene wagwira ntchito yaulere zaka, mwana ali kuchipatala, kapena malume amwalira ku Jali bokosi palibe, "achimwene ndibwerekeni ya laibulale ija ndibweza ndikalandira". Umukana bwanji? Mawa mukumana kumaliro komweko, mudya nsima mbale imodzi. Ukamupatsa, mwezi watha sanabweze poti vuto lina labwera, ndipo wachiwiri wamva kuti zimatheka. Pakutha chaka kabuku kakuti ndalama ilipo, bokosi likuti kulibe, ndipo palibe wakuba olo mmodzi, onse ndi anthu opemphera.

Mankhwala ake si kuuma mtima, ndi kuchotsa mphamvu m'manja mwa msungichuma. Akaunti yathu ili ndi osayinira atatu, ndipo awiri ayenera kusayina ndalama isanatuluke. Nambala ya foni yolandirira ndalama si yanga, si ya a tcheya, ndi ya laibulale, ndipo ikafika pa mlingo umene tinagwirizana imapita ku banki. Kabokosi ka zogula zing'onozing'ono kali ndi malire, kamakhala ku laibulale osati kwathu, ndipo wolemba zolowa ndi mayi wa pa desiki pamene wowerengera Lachisanu ndi ine, anthu awiri osiyana. Ndiye wina akagogoda usiku ndimatha kunena zoona zokhazokha, "amalume pepani, ine ndekha sindingathe, ilibe m'manja mwanga", kenako nkupisa m'thumba mwanga kupereka chipepeso changa ngati mnansi. Anthu amaona ngati masiginecha awiri ndi kusakhulupirira msungichuma. Kwa ine ndi chishango, amandisungira abale.

Alawansi nayo tinaikana poyera. Matenda a dziko lino amenewo, munthu sakhala pa msonkhano popanda envelopu. Tinagwirizana kuti wotumidwa ku tauni kapena ku Blantyre alandire ya transipoti yeniyeni ndi ya chakudya chamasana, abweretse lisiti kapena asayine m'kabuku poti kabaza sapereka lisiti, koma kukhala pa msonkhano wa komiti ndi kwaulere. Ena anachoka. Amene anatsala ndi amene timagwira nawo ntchito.

Chinthu chimene chinasintha kwambiri mmene dera limationera ndi pepala limodzi. Mwezi ukatha timamata pa chitseko, zolowa mbali iyi, zotuluka mbali iyo, zotsala pansi, m'Chichewa, manambala akuluakulu. Kuyambira Cashgate ya 2013, pamene ndalama zambiri za boma zinabedwa, Mmalawi aliyense akamva mawu oti ndalama za gulu amayamba wakayika, ndipo sindimudzudzula. Kukayika sikutha ndi kulumbira kuti ndife oona mtima, kumatha munthu akawerenga yekha. Pepala lija limawerengedwa kuposa mabuku ena a mkatimo. Agogo ena anandiimitsa panjira, "mwanawe, loko wa mtengo umenewu ndi wagolide?", ndinawaonetsa lisiti, iwo nkunditchulira sitolo ina imene amagulitsa wotsikirapo, ndipo anali kunena zoona. Odita wotere simungamulembe ntchito ndi ndalama. Kamodzi pachaka timapemphanso munthu wa kunja kwa komiti, wodziwa maakaunti, wopuma ntchito, kuti adutse m'mabuku onse ndi sitetimenti ya ku banki msonkhano waukulu usanachitike, ndipo lipoti lake amaliwerenga yekha pamaso pa amfumu, osati ine. Sabata yomweyo timatseka nkuwerenga mabuku pa shelefu limodzilimodzi, chifukwa buku la chemistry losowa ndi ndalama yosowa, kungoti silioneka pa sitetimenti.

Mkangano umene sunathe mu komiti ndi wa fizi ya umembala. A tcheya amati laibulale ya anthu iyenera kukhala yaulere kwa aliyense, ukaika mtengo pakhomo woyamba kubwerera ndi mwana amene akuifuna kwambiri, wopanda buku kunyumba, wopanda nyali. A mlembi amati chaulere anthu sachisamala, ndipo amaloza masamba ong'ambidwa. Ine ndili pakati koma ndapendekera kwa a tcheya, chifukwa manambala ndimawaona, ndalama ya umembala olo titaikweza kawiri siingalipire mlonda, koma ikhoza kuchotsa ana pa benchi, ndipo benchi ikakhala yopanda anthu a gulupu ya pa WhatsApp aja aziponyeranji. Pakadali pano tinagwirizana kuti kulowa ndi kuwerenga pompo ndi kwaulere kwa wina aliyense, ana a pulayimale amabwereka ulere, a sekondale ndi akuluakulu amapereka kangachepe pachaka ngati akufuna kupita ndi buku kunyumba, ndipo amene alibe amabwera ndi kalata ya aphunzitsi kapena amagwira Loweruka limodzi kufumbula mashelefu. Mabuku a silabasi a kope imodzi satuluka, olo mwana wa amfumu.

Bajeti ya Epulo ikubwerayi ndayamba kale kuilemba. Matisheti mulibe, big walk tidumpha chaka chino, m'malo mwake tikufuna mipingo iwiri yowonjezera pa Paper Sunday ndi munthu mmodzi wachinyamata woti azithandiza kuponya malipoti mu gulupu nthawi yake. Nyuzipepala yakhalamo, ndamenyera. Chimene chikusowabe pochokera ndi chitseko cha chimbudzi cha atsikana ndi maola awiri owonjezera a magetsi madzulo kuyambira Meyi mpaka mayeso a MSCE atatha, ndipo ngati msonkhano wa komiti sugwirizana zochotsa penti wa panja, ziwirizi zidikira ya mpunga.